Phunziro la zomangamanga: kodi nthaka ingatiziziritsire nyumba kuno kotentha?

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, nkhani imene ndimaimva kwambiri pamzere wa pamjigo ndi ya tulo. Amayi ena akuti mwana wachezera kulira, khosi lonse lili tiziphuphu ta thukuta. Abambo ena akuti anatulutsa mphasa n'kukagona panja, ndiye udzudzu wawadya mpaka mbandakucha poti neti inatsala m'nyumba. Ine ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo masiku ena ndimaphunzitsako achinyamata ntchitoyi pakampu pano. Sabata yatha mnyamata wina wa m'kalasi mwathu anabwera ndi foni, n'kundionetsa chithunzi cha mapaipi okwiriridwa pansi olowera m'nyumba. Anati, "Aphunzitsi, nanga ife tikuvutikiranji? Akuti mpweya ukadutsa pansi umatuluka wozizira, popanda makina oziziritsira."

Ndinamuuza kuti zimene waonazo si bodza, koma wangomva mbali imodzi. Mbali inayo ndiyo ndaiika m'phunziro lino, chifukwa njira imeneyi ine ndinaiyesapo ndi manja angawa, ndipo ndinaononga ndalama za mwini wake.

Zimene madzi a pamjigo amatiuza

Aliyense wa ife anatungapo madzi pamjigo kapena pachitsime chakuya. M'mawa wa mu Juni, zala zitauma ndi chisanu, madziwo amamveka ofunda. Masana a mu Novembala amamveka ozizira mpaka kufuna kuthira kumutu. Madziwo sanasinthe kwenikweni. Wasintha ndi mpweya wa kunja kuno, pomwe pansi pali chimodzimodzi chaka chonse.

Dothi limachedwa kulandira kutentha, limachedwanso kukutaya. Dzuwa la masana limaotcha pamwamba mpaka mwana wopanda nsapato kumathamangira pamthunzi, koma kutentha kwa tsiku limodzi sikupita patali. Mukakumba theka la mita, kusiyana kwa masana ndi usiku kumakhala kutatsala pang'ono kutheratu. Galu amazidziwa izi: amafukula kadzenje pansi pa mtengo n'kugonekapo mimba. Kusiyana kwa nyengo yozizira ndi yotentha ndiko kumalowa pansi kwambiri, koma nakonso kumanka nikuchepa. Pa mamita 3 kapena 4 kumangotsala pang'ono, ndipo pofika mamita 10 nthaka siidziwanso kuti kunja kuli Juni kapena Novembala. Komanso kutenthako kumafika pansi mochedwa. Pa mamita atatu kumachedwa ndi miyezi iwiri kapena kuposerapo, ndiye kuti mu Okutobala dothi la pansilo limakhala likadasunga kuzizira kwa mu Julayi ndi Ogasiti.

Tsono funso lalikulu ndi ili: nthaka ya pansiyo imaima pa madigiri angati? Imaima pafupi ndi pakatikati pa kutentha kwa chaka chonse kwa dera limenelo. Tengani masana ndi usiku, miyezi yozizira ndi yotentha, mupeze pakati pake, ndipo pamenepo ndi pomwe nthaka imakhazikika. Ngati pamwamba pake ndi poyera, poombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, imapitirirako ndi digiri imodzi, ziwiri kapena kuposa.

Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa ndiyo imasiyanitsa malo ndi malo. Ku Harare pakatikati pa chaka ndi pafupifupi madigiri 18. Ku Lilongwe ndi pafupifupi 20. Ku Beira ndi cha m'ma 25, ndipo mumzinda wa Tete amapitirira 26. Kutali ku Singapore ndi Kuala Lumpur, komwe kumatentha ndi kugwa mvula pafupifupi chaka chonse, ndi 27 kapena 28. Choncho nthaka si firiji yofanana paliponse. Amene mukuwerenga muli ku Dzaleka, kumtunda kwa Dowa, muli ndi nthaka yozizira bwino pansi panu, koma mwina simukuifuna kwambiri poti usiku kumazizira kale. Anzathu a ku Tongogara, a ku Maratane kufupi ndi Nampula, kapena a m'chigwa cha Shire, amene akuifunitsitsa, ndiwo ali ndi nthaka yofunda. Zimawawa, koma ndi mmene zilili.

Anthu amene analowa pansi

Kubisala m'nthaka pothawa dzuwa si nzeru yatsopano. Ku Australia kuli tauni ya Coober Pedy, komwe anthu anayamba kukumba miyala yamtengo wapatali mu 1915. Nyengo yotentha kumeneko madigiri amadutsa 40, motero anthu ambiri anagoba nyumba zawo m'thanthwe, ndipo m'katimo mumakhala madigiri cha m'ma 23 mpaka 25 chaka chonse. Ku Matmata, kummwera kwa Tunisia, anthu amakumba dzenje lalikulu lozungulira ngati bwalo, kenaka n'kuboola zipinda m'mbali mwake. Ngakhale kwathu kuno agogo athu ankasunga mbatata m'nkhuti, atawaza phulusa, podziwa kuti pansi sipatentha ngati pamtunda.

Koma taonani chinthu chimodzi: Coober Pedy ndi Matmata ndi malo a chipululu. Mvula ndi yosowa, mpweya ndi wouma, madzi a pansi ali kutali. Ndipo ngakhale ku Matmata komweko, chimvula chitagwa kwa masiku ambiri mu 1969, nyumba zambiri za pansizo zinadzaza madzi n'kugumuka. Anthu a kumadera otentha koma onyowa anachita zosiyana kwambiri. Ku Malaysia ndi Indonesia nyumba zamakolo anazikweza pamitengo kuti mphepo idutse pansi ndi m'mbali, madzi osefukira asalowe. Ifenso nkhokwe sitiikhazika padothi. Timaikweza pamiyala kapena pamafoloko, apo ayi chimanga chichita chuku. Makolo amenewa sanapite kusukulu ya zomangamanga, koma anaona kuti kumalo onyowa nthaka imapereka zinthu ziwiri pamodzi, kuzizira pang'ono ndi chinyezi chambiri.

Paipi yokwirira pansi

Zimene mnyamata uja anaona pafoni ndi njira yotenga kuzizira kwa nthaka popanda munthu kukakhala kudzenje. Mumakumba ngalande yakuya mamita 2 mpaka 4, yaitali mamita 20, 30 kapena kuposa. Mumayalamo paipi yosalala m'kati, yaikulu kukamwa masentimita 15 mpaka 25, n'kukwirira. Kukamwa kumodzi kumatulukira panja pamthunzi, kwinako kumalowa m'nyumba. Mpweya wotentha ukamayenda m'paipimo umasiya kutentha kwake m'dothi lozungulira, n'kufika m'nyumba utatsika. Suyenda wokha bwinobwino ayi. Pamafunika kafani kakang'ono koukankha, kapena chumuni yakuda padenga imene dzuwa likaiotcha imakoka mpweya wa m'nyumba kupita kumwamba, wina n'kumalowa kudzera m'paipi. Ukathamanga kwambiri sukhala ndi nthawi yozizira, n'chifukwa chake amisiri amafuna uziyenda pafupifupi mamita awiri pa sekondi.

Njirayi imagwiradi ntchito. Ku India, pamalo otchedwa Gual Pahari kufupi ndi Delhi, bungwe la TERI linamanga nyumba yochitiramo maphunziro yotchedwa RETREAT. Zipinda zogona zimalandira mpweya wodutsa m'ngalande zokumbidwa mamita 4 pansi, pomwe nthaka imakhala pafupifupi madigiri 26 chaka chonse. M'miyezi ya Meyi ndi Juni, kunja kukamadutsa 40 ndipo mpweya uli gwaa kuuma, kusiyanako n'kwakukulu ndithu. Koma mvula yawo ikayamba ndipo mpweya ukadzaza chinyezi, ngalandezo sizikwanira zokha, amachita kuthandizira ndi makina. Amenewo ndi akatswiri okhala ndi ndalama ndi zipangizo, koma chinyezi chinawaimitsa pomwepo.

Chinyezi

Pano ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mpweya umanyamula madzi osaoneka, nthunzi. Wotentha umanyamula yambiri, wozizira umanyamula yochepa. Ukazizira mpaka kulephera kunyamula imene unali nayo, yotsalayo imasanduka madontho. Ndiwo mame a m'mawa pa udzu, ndiwonso thukuta limene limatuluka kunja kwa botolo la chakumwa chochokera m'firiji.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Poyeza mpweya timagwiritsa ntchito kiyubiki mita, kutanthauza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. M'bokosi lotere mungalowe ndowa 50 za malita 20. Tsiku la mu Okutobala mvula isanayambe, tinene kuti kunja kuli madigiri 35 ndipo chinyezi chili 20 pa 100 alionse. Mpweya umenewu sungagwetse mame mpaka utazizira kufika madigiri 9, ndipo palibe nthaka kuno imene imafika pamenepo. Paipi ikhala youma, mpweya utuluka wozizira ndi wokoma. Tsopano tsiku la mu Januwale: kunja madigiri 32, chinyezi 70 pa 100. M'bokosi lathu lija muli madzi pafupifupi magalamu 24, ndipo mame ayamba kugwa mpweyawo ukangotsika kufika madigiri 26. Ngati paipi ili pa madigiri 24, bokosi lililonse lisiya m'menemo pafupifupi magalamu awiri a madzi. Paipi ya masentimita 15 imadutsitsa mabokosi oposa 100 pa ola. Ndiye kuti pa maola khumi mwatsala malita awiri a madzi, m'dima, m'malo amene dzanja silifika, tsiku ndi tsiku.

Wina anganene kuti, chabwino, nthaka yathu ndi yofunda, ili pa 27, mame sagwa. Zoona. Koma mpweya uja wa madigiri 32 ukatsika kufika pa 27 madzi ake onse ali momwemo, chinyezi chake chimakwera kudutsa 90 pa 100. Thupi la munthu limazizira thukuta likamauma. Mu mpweya wonyowa chotere thukuta siliuma msanga, limangoyenderera. Choyezera kutentha chidzakuuzani kuti m'nyumba mwazizira, koma khungu lanu lidzakana. Ndipo chinyezi chikakhalitsa pamwamba pa 80 pa 100, chuku chimamera pa makoma, pa nsapato, pa matiresi, ngakhale pa mapepala athu aja amene sitifuna kuti aonongeke. Kwa munthu wa chifuwa cha mphumu, kwa khanda kapena nkhalamba, mpweya wa chuku ndi matenda.

N'chimodzimodzi ndi mtsuko wa madzi akumwa. Mu Seputembala madzi a mumtsuko amazizira bwino chifukwa amene akutuluka m'timabowo ta dongo akuuma msanga, ndipo madzi akamauma amatenga kutentha kwambiri: kuumitsa lita imodzi kumadya kutentha kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi kawiri kumene kumafunika kuti lita yomweyo ichoke pozizira kufika powira. Mu Febuluwale mtsuko womwewo umangonyowa kunja, madzi ake osazizira kwenikweni. Njira iliyonse yoziziritsa yodalira madzi kuuma imafooka nyengo ya mvula.

Zimene zinandichitikira

Ndisanabwere kuno ndinagwirapo ntchito kwa bambo wina wa golosale m'chigwa, kumunsi kwa mtsinje wa Zambezi. Anali atawerenga za mapaipiwa penapake, ndipo ankafuna chipinda chosungiramo katundu chizizireko. Tinakumba mu Ogasiti dothi lili louma, tinayala paipi pansi pa mitengo ya mango, tinaika kafani koyendera sola. Mu Okutobala bamboyo ankaitana anzake kudzaika dzanja pakamwa pa paipi. Ine ndinkayenda ngati mfumu pamsika umenewo.

Zolakwa zanga zinali zitatu, ndipo zonse zinadikira mvula. Sindinaike levulo, moti pakati pa ngalande panali potsika, ngati chigwa. Molumikizira mapaipi ndinangolowetsana osamata. Ndipo sindinafunse anthu a pamalopo kuti madzi a m'zitsime zawo amakwera kufika pati nyengo ya dzinja. Pofika Januwale m'chipindamo munayamba fungo ngati la chiguduli chonyowa. Matumba a ufa ndi shuga anachita chuku, mchere unasungunuka m'mapaketi. Titafukula tinapeza pakati paja padzaza madzi, ena a mame, ena olowera molumikizira muja, ndipo m'madzimo munali mphutsi za udzudzu. Ndinali nditamangira udzudzu nyumba yabwino yokhala ndi khomo lolowera kuchipinda cha bwana wanga. Tinatseka paipiyo ndi simenti mbali zonse. Bamboyo sanandikalipire, anangoti, "Amisiri, mukanandiuza kuti simunaichitepo." Mawu amenewo amandiwawabe kuposa kutukwanidwa.

Kodi paipi imachotsa kutentha kochuluka bwanji?

Tingoyerekeza kuti zonse zayenda bwino, paipi ndi youma. Mpweya ndi chinthu chopepuka, sunyamula kutentha kwambiri. Mabokosi 100 pa ola, atatsitsidwa ndi madigiri 6, amachotsa m'nyumba kutentha kokwana mawati 200. Munthu wamkulu atangokhala phee thupi lake limatulutsa pafupifupi mawati 100, ngati babu lakale lija lotentha kugwira. Ndiye kuti ngalande yonse ija, thukuta lonse lija lokumba, zangolipira kutentha kwa anthu awiri.

Tsono yang'anani kumwamba. Masana dzuwa lili paliwombo, malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi amalandira pafupifupi mawati 1,000. Denga la kanyumba ka mamita 3 kwa 4 likulandira mawati 12,000. Si onse amene amalowa m'nyumba, ena amabwerera kumwamba, ena amapita ndi mphepo. Koma malata opanda siling'i amatha kutentha kufika madigiri 60 kapena 70, ndipo ngakhale gawo limodzi la magawo khumi litalowa, laposa kale mapaipi asanu. Kukwirira paipi pansi pa denga lotere kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Ena amatchula nyumba yaikulu ya Eastgate ku Harare, imene anaikonza Mick Pearce n'kutsegulidwa mu 1996, yozizira popanda makina akuluakulu oziziritsira mpweya. Ndi ntchito yabwino zedi. Koma imadalira usiku wozizira wa ku Harare, mzinda wa pamtunda pafupifupi mamita 1,500. Mafani amalowetsa mpweya wa usiku kuti uziziritse konkire, ndipo masana konkireyo imayamwa kutentha. Kugombe la nyanja yamchere kapena m'chigwa nyengo ya mvula, usiku suzizira mokwanira kuti zimenezi zitheke. Khoma lochindikala la zidina nalonso n'chimodzimodzi: limathandiza kwambiri kumene usiku kumazizira, koma kumene sikuzizira limasunga kutentha kwa masana n'kumakupatsani pakati pa usiku, makamaka ngati laombedwa ndi dzuwa la kumadzulo.

Nthaka imene tili nayo kale

Sindikunena kuti nthaka tiitaye. Nyumba zathu zambiri zakhala kale padothi, ndipo pansi pamene timayala mphasa ndi malo ozizira kuposa ena onse m'nyumba. Ntchito yathu ndi kuteteza kuzizira kumeneko ku dzuwa ndi ku madzi.

Yambani ndi denga. Ngati ndi la malata, ikani siling'i ya mphasa, bango, nsungwi kapena makatoni, ndipo pakati pa siling'i ndi malata musiye mpata wotseguka mbali zonse ziwiri kuti mpweya wotentha uzituluka. Mipatayo mutseke ndi waya wa sefa chifukwa cha udzudzu ndi makoswe. Penti yoyera pamwamba pa malata imabweza dzuwa lambiri. Amene mukadali m'matenti kapena pansi pa lona, denga lachiwiri la udzu kapena la neti yamthunzi, lokwezedwa pamitengo osakhudza tenti, limasintha zinthu tsiku lomwelo. Malo ophikira akhale patali nalo.

Kenaka yang'anani bwalo. Ife timakonda kusesa pakhomo mpaka dothi kuwala, ndipo ndikudziwa chifukwa chake, njoka imaonekera patali. Koma dothi loyera lozungulira nyumba limamwa dzuwa tsiku lonse, n'kumapereka kutenthako ku maziko ndi ku mpweya wolowa pazenera. Katswiri wina wa ku Israel, Baruch Givoni, anayesa kuphimba nthaka kuti dzuwa lisaifike, n'kumaithirira pang'ono, ndipo anapeza kuti imatsika ndi madigiri angapo poyerekeza ndi yosaphimba. Alimi amene amaphimbira munda ndi mapesi amazidziwa kale: ukapisa dzanja pansi pa mapesi masana, dothi limakhala lozizira. Pakhomo sindikulangiza mapesi kufupi ndi khoma, chifukwa amaitana chiswe ndipo sachedwa kugwira moto. Ndi bwino mthunzi wamoyo. Khonde lotambalala, mapapaya, nthochi, cham'mwamba, kapena kathandala koyanga maungu ndi mphonda, makamaka mbali ya kumadzulo kumene dzuwa la masana limabaya khoma. Mbatata yoyanga pansi imaphimba dothi, masamba ake n'kukhala ndiwo. Koma musabzale mothinana kutsogolo kwa zenera, mungatseke mphepo, ndipo kumalo a chinyezi mphepo yodutsa pakhungu ndiyo mankhwala oyamba. Mazenera akhale awiri oyang'anizana, otsika kufika pamene munthu amagona. Amene mukumanga kumene, ngati poloti ikulola, makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, aafupi ndiwo akumane ndi dzuwa lotuluka ndi lolowa.

Pansi pa m'nyumba pakhale pokwera kuposa panja, pafupifupi masentimita 20 kapena 30, podzazidwa ndi dothi lotsenderedwa bwino. Mwakutero mukadalumikizanabe ndi nthaka koma madzi oyenda pabwalo sakulowani. Musanazire kapena kuthira simenti, yalani pulasitiki yochindikala pansi pake, ndipo ina ikhale pakati pa maziko ndi mzere woyamba wa njerwa. Pulasitiki yopyapyala chotero siitchinga kuzizira kwa nthaka, koma imatchinga chinyezi chokwera. Kuzungulira nyumba kumbani kangalande kotengera madzi a padenga kutali. Masana musaunjike pansi ponse ndi matiresi ndi katundu. Imikani matiresi, pansi pakhale poyera, ana akhale pamphasa yopyapyala. Ndipo mbaula ndi zovala zonyowa zisakhale m'chipinda chogona, chifukwa zonse ziwiri zimathira nthunzi mu mpweya umene wadzaza kale.

Chinthu chimodzi musachite: kukumba pansi pa m'nyumba kuti mutsike, poganiza kuti mufike pozizira. Ndaonapo ena akuchita zimenezi m'matenti. Mu Okutobala zimakoma, koma mvula yoyamba nyumba imasanduka chitsime. Amene anaona namondwe wa Idai mu Malichi 2019, kapena Freddy mu Malichi 2023, akudziwa mmene madzi amafikira usiku osagogoda.

Zonsezi zimachepetsa kutentha, sizikuthetsa. Mwana kapena wachikulire akafooka, akasiya kukodza, akayamba kusokonezeka mutu kapena thupi kutentha kwambiri, muikeni pamthunzi, mum'pukute ndi nsalu yonyowa, mum'patse madzi ngati akutha kumwa, khanda liyamwe pafupipafupi, ndipo thamangani naye kuchipatala.

Nanga ngati paipi ikufunikabe?

Pa nyumba ya banja limodzi pakampu, ine ndinganene kuti ayi. Mapoloti athu ndi aang'ono, zimbudzi zili pafupi, ndipo paipi yodutsa kufupi ndi dzenje la chimbudzi ingabweretse m'nyumba zimene simukufuna. Ndalama ya mapaipi 30 mita ingagule siling'i, penti ndi sefa ya mazenera n'kutsalako. Koma pa nyumba ya gulu, monga kalasi, chipinda chodikirira odwala kapena mosungira mbewu, yomangidwa pamalo okwera, denga lake litakonzedwa kale, njirayi ingathandize m'miyezi ya Seputembala mpaka Novembala, pomwe kunja kwauma ndipo nthaka ikadali yozizira. Mvula ikayamba, paipi itsekedwe ndi chivindikiro mbali zonse, mazenera atsegulidwe.

Ikatero imangidwe mosiyana ndi yanga ija. Itsetsereke mbali imodzi yokha, masentimita awiri kapena atatu pa mita iliyonse, ndipo kumunsi kwake kukhale kotulutsira madzi kumene munthu angafike n'kuona. Molumikizira monse mumatidwe, osati chifukwa cha madzi okha, komanso m'nthaka ina mumatuluka mpweya wopanda fungo wotchedwa radon umene umayambitsa khansa ya m'mapapo munthu akaupuma zaka zambiri. Kukamwa kwa panja kukwere pamwamba pa dothi, kukhale ndi chipewa cha mvula ndi sefa yoletsa udzudzu, makoswe ndi njoka, ndipo kutalikirane ndi chimbudzi, dzala ndi utsi wa kukhitchini. M'katimo musiyemo chingwe chokokera nsanza poyeretsa. Dothi lamakande limene limang'aluka chilimwe n'kufufuma dzinja limathyola molumikizira, ndipo kudambo musayese n'komwe.

Kukumba kwakeko ndiko koopsa kuposa zonse. Dothi lodzaza bokosi lathu lija limalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Ngalande ikadutsa m'chiuno kulowera pachifuwa, makoma ake ayenera kutchingidwa ndi matabwa kapena kusemedwa motsetsereka, dothi lofukulidwa liunjikidwe patali ndi m'mphepete, ndipo munthu asalowemo ali yekha. Usiku itchingidwe chifukwa cha ana. Musanakhudze piki, kambiranani ndi a ofesi yoona za malo ndi nyumba pakampu panu, chifukwa pansi pamadutsa mapaipi a madzi amene inu simukuwadziwa.

Pali kuyesa kuwiri kosalira ndalama kumene mungachite nokha. Koyamba n'kwa mabotolo. Dzazani mabotolo anayi a pulasitiki ndi madzi a m'ndowa imodzi. Awiri mukwirire padzuwa, lina pamwamba penipeni, lina pakuya ngati mkono wonse. Awiri enawo chimodzimodzi koma pamthunzi wa mtengo. Patatha masiku awiri, afukuleni cha m'ma 2 koloko masana n'kuwagwira. Manja anu adzakuuzani ntchito ya kuya ndi ntchito ya mthunzi.

Kwachiwiri n'kwa ndowa yachitsulo kapena poto. Pitani pamjigo masana, pukusani kaye kwa kanthawi kuti madzi amene anaima m'chitsulo chotentha atuluke, kenaka dzazani potoyo. Madzi amenewo ali pa kutentha kwa nthaka ya kwanuko. Pukutani kunja kwake kuume, muike pamthunzi, mudikire mphindi zisanu kapena khumi. Ngati kunja kwa poto kwachita mame, dziwani kuti paipi yokwiriridwa kumeneko idzachitanso mame tsiku ngati limenelo. Ngati kwauma koma madziwo sakumveka ozizira kwenikweni padzanja, ndiye kuti nthaka yanu ilibe zambiri zoti ikupatseni.

Mnyamata uja tagwirizana naye kuti ayese poto kamodzi pa sabata kuyambira tsopano mpaka Malichi, azilemba m'kope tsiku, nthawi ndi zimene waona. Mabotolo ake anakwirira kale kuseri kwa kalasi. Loweruka likubwerali kalasi yonse ikhala ikumanga siling'i ya bango m'chipinda chophunziriramo, kuyambira 7 koloko m'mawa malata asanatenthe, ndipo amene akufuna kuona mmene timasiyira mpata wa mpweya abwere ndi chikwanje chake.